Botolo la dipoziti siligona m'ngalande

Mvula yoyamba ikagwa mu Blantyre, mtsinje wa Mudi umaulula zonse zimene mzindawu wakhala ukutaya chilimwe chonse. Madzi amatsika ndi majumbo, mabotolo a pulasitiki, matewera a ana ndi timapaketi ta zakumwa, n'kukazikoleka m'milatho ndi m'mabango. Mitsinje ya Nasolo ku Ndirande ndi Naperi imachitanso chimodzimodzi. Koma munthu wofatsa ataima pa mlatho n'kuyang'anitsitsa, angazindikire kuti pali zinthu zina zimene m'chigulumo sizipezeka. Botolo lagalasi la Fanta kapena la Carlsberg mulibe. Chitsulo mulibe. Waya wa kopa, poto wobooka wa aluminiyamu, batire la galimoto, zonsezi madzi sazipeza.

Chifukwa chake n'chosavuta: zinthu zimenezi zili ndi wozigula. Botolo lagalasi limabwerera ku golosale chifukwa wogulitsa sakupatsa chakumwa chokamwera kunyumba popanda kusiya botolo lina kapena ndalama ya dipoziti. Zitsulo zimatoledwa ndi anyamata oyenda ndi matumba m'makwalala, amene amakaziyeza pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Chimene chimatsala pansi, chimene chimatseka ngalande ndi kununkhitsa msika, ndi chokhacho chimene palibe amene angachilipire ngakhale K50. Aliyense wofuna kuchepetsa zinyalala mumzinda waukulu ayenera kuyambira pamenepa, asanayitanitse malole atsopano kapena kusindikiza zikwangwani zolangiza anthu za ukhondo.

Pajatu anthu a ku Ndirande, Bangwe ndi Mbayani si achilendo pa nkhani yogwiritsanso ntchito zinthu zotha. Amisiri a malata amasula mbaula, ndowa ndi zothirira mbewu kuchokera ku zidutswa zimene ena anazitaya. Chitini chimasanduka koloboyi. Tayala lakutha limatulutsa nkhwayira ndi zingwe zomangira katundu pa njinga. Botolo la madzi akumwa limakhala ndi moyo wachiwiri ndi wachitatu: lero muli thobwa, mawa muli mafuta ophikira opimidwa pa msika. Thumba la feteleza limanyamula chimanga mpaka litang'ambika, likang'ambika limakhala choyala. Ndipo nsima yotsala usiku imadyedwa m'mawa ngati mkute. M'nyumba yosauka zinthu sizitayidwa msanga. Zotayidwa zambiri pa munthu mmodzi zimatuluka m'nyumba za mipanda ya njerwa, kumene amagula m'masupamaketi zinthu zokutidwa kawiri katatu. Ndipo n'komwekonso kumene lole ya khonsolo imafika mosavuta, chifukwa kuli misewu.

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre ndi 989,318 mu Lilongwe, ndipo chiwerengerochi chakwera kuchokera nthawi imeneyo. Lipoti la World Bank la chaka chomwecho, lotchedwa What a Waste 2.0, linanena kuti m'maiko osauka zinyalala zimene zimatoledwa m'mizinda ndi pafupifupi 48 peresenti chabe, ndiponso kuti zinyalala za m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara zidzachuluka kupitirira katatu pofika 2050. Makhonsolo amene akulephera kunyamula mulu wa lero sangadzanyamule mulu wotero katatu ndi njira yomweyo. Zosatoledwazo zimathera m'dzenje la kuseri kwa nyumba, pamoto umene utsi wake ana amapuma madzulo, kapena mumtsinje usiku anthu atagona.

Zimene zatoledwa nazo sizipita kumalo abwino. Za mu Blantyre zimakakhuthulidwa ku mtaya wa Mzedi, kupitirira Limbe cha ku njira ya ku Zomba. Za mu Lilongwe zimapita ku Area 38. Konseku zinyalala zimangounjikidwa pamtetete, zowola ndi zosawola pamodzi, ndipo moto ukabuka umafuka masiku ambiri. Mizinda ina yaona kumene milu yotere imathera. Mu Marichi 2017 mulu wa zinyalala wa ku Koshe mu Addis Ababa unagumuka n'kupha anthu oposa 100. Mu Febuluwale 2018 wa ku Hulene mu Maputo unakwirira nyumba mvula itagwa yambiri, ndipo anthu osachepera 16 anafa. Mu Ogasiti 2024 zinachitikanso ku Kiteezi mu Kampala, kumene anafa anthu oposa 30. Ambiri mwa amene anafawo anali osauka okhala m'mphepete mwa mtaya.

Tsono mu lole yopita ku Mzedi mumakhala chiyani? Kupitirira theka la katunduyo ndi zowola: makoko a nthochi ndi mbatata, zitsononkho, masamba a kabichi, tomato wophwanyika, mango ovunda, zosesa pabwalo. Zimenezi n'zolemera chifukwa zili ndi madzi ambiri. Ndiye kuti dizilo wogulidwa ndi ndalama zakunja, m'dziko limene madalaivala amagona pa mizere ya mafuta, akupsa ponyamula madzi ndi makoko kuwakweza ku Mzedi. Pa nthawi yomweyo dziko lomweli likuthira ndalama zakunja zina pogula feteleza. Pamene pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, wopindula ankalipira K4,495 pa thumba. Pofika 2022 inali K15,000, ndipo m'masitolo thumba la makilogalamu 50 linadutsa K100,000 ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mzinda ukukwirira chakudya cha nthaka kwinaku alimi ake akulira njala ya nthaka.

Alimiwo sali kutali. Nthawi ya dzinja Blantyre yense amasanduka munda: m'mphepete mwa misewu, pansi pa mawaya a magetsi, m'matherezi a Soche ndi Ndirande, paliponse pamene pali kamalo pamamera chimanga. M'madimba a m'mbali mwa mzinda mumachokera mpiru, repu ndi tomato wa pa msika. Zoona, manyowa a kompositi sangalowe m'malo mwa feteleza kotheratu, chifukwa mchere wokulitsa mbewu umakhalamo wochepa pouyerekeza ndi wa Urea. Koma nthaka yoguga imene ilibe zowolerana siigwira bwino ngakhale feteleza wodulayo, ndipo siisunga chinyezi mvula ikadula. Alimi ambiri anazindikira kale zimenezi, n'chifukwa chake manyowa a Mbeya, osakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, afala chotere m'zaka zapitazi. Wogula manyowa alipo. Chosowa ndi njira yoti makoko a mu Limbe akumane naye asanasakanizike ndi magalasi osweka ndi matewera.

Ku Mtandire mu Lilongwe zinayesedwapo. Cha m'ma 2010, pulojekiti yotchedwa Waste for Wealth, yothandizidwa ndi nthambi za United Nations, inaphunzitsa magulu a amayi kusankha zinyalala ndi kuwoletsa manyowa, ndipo kampani ya maluwa ndi mbande ya Four Seasons inkawagula. Chimene chinkawadzutsa amayiwo m'mawa kukatembenuza milu yotentha chinali chitsimikizo chakuti thumba likadzaza pali wolipira. Mapulojekiti ambiri a mtundu umenewu amazilala ndalama za opereka thandizo zikatha, ndipo kawirikawiri amafera pa msika, osati pa luso.

Mzinda umene unaphunzira nkhaniyi mowawa ndi Cairo, likulu la Egypt. Kwa zaka makumi ambiri zinyalala za mumzindawu zakhala zikutoledwa khomo ndi khomo ndi anthu otchedwa Zabbaleen, ambiri mwa iwo Akhristu a mpingo wa Coptic okhala ku Manshiyat Naser, m'tsinde mwa phiri la Mokattam. Abambo ndi anyamata amabweretsa katundu, amayi ndi atsikana amasankha: mapepala uku, pulasitiki uku, nsalu uku, zitsulo uko. Zowola zinkadyetsedwa nkhumba, nkhumbazo n'kugulitsidwa. Mwa njira imeneyi ankapulumutsa pafupifupi 80 peresenti ya zimene atola, mlingo umene mizinda yambiri yolemera siufika. Mu 2003 akuluakulu a mzindawu anaganiza kuti zimenezi n'zachikale, napereka ntchitoyo kwa makampani akunja a malole akuluakulu ndi migolo ya m'misewu. Malolewo sankalowa m'tinjira topanikizika, anthu amene anazolowera kutengeredwa zinyalala pakhomo sanafune kutsika nazo, ndipo zobwezeredwa ku ntchito zinachepa kwambiri. Kenako mu 2009, pa mantha a chimfine cha nkhumba, boma linalamula kuti nkhumba zonse ziphedwe, pafupifupi 300,000, ngakhale kuti akatswiri a zaumoyo ananena kuti nthendayo inkafala pakati pa anthu. A Zabbaleen anasiya kutola zowola popeza zinalibenso phindu, ndipo misewu ya Cairo inadzaza zonunkha. Patapita zaka boma linayamba kuwabwezera m'dongosolo anthu omwe linawakankhira kunja aja.

Moyo wa a Zabbaleen suyenera kukometsedwa: ndi wa matenda, wa ana ogwira ntchito m'malo mopita kusukulu, wa kunyozedwa. Chimodzimodzi anthu amene amathamangira lole ikafika ku Mzedi, kufukula ndi manja opanda magolovesi pakati pa majakisoni ndi magalasi. Koma iwowa ndi amene akugwira kale ntchito imene misonkhano ya m'mahotela imangoikamba. Mzinda wa Pune ku India unasankha kuwazindikira anthu otere. Otola zinyalala kumeneko, ambiri amayi, anapanga bungwe lawo mu 1993, ndipo mu 2008 kopaletivi yawo ya SWaCH inagwirizana ndi khonsolo kuti azitola khomo ndi khomo. Banja lililonse limalipira kandalama pamwezi kwa wotolayo, iye amagulitsanso zimene wasankha, ndipo khonsolo imangonyamula zotsala kuchokera pamalo osonkhanitsira. Wotola akalandira katundu pakhomo, pepala limakhala louma, botolo loyera, ndipo mtengo wake umakhala wabwino kuposa wa zofukulidwa m'matope a ku mtaya. Ku Mbayani, kumene lole singalowe, wilibala ndi njinga ya kabaza zimalowa.

Ena amatchula Seoul, likulu la South Korea, ndipo n'zomveka. Dziko la South Korea linayamba mu 1995 kulipiritsa mabanja molingana ndi kuchuluka kwa zinyalala zawo, kudzera m'matumba apadera ogula. Mu 2005 linaletsa kukwirira zotsala za chakudya, ndipo kuyambira 2013 anthu amalipira pa zotsala za chakudyazo, m'nyumba zambiri zosanja pochita kuziyeza pa makina. Lero pafupifupi zonse zimasanduka manyowa, chakudya cha ziweto kapena gasi. Koma njira imeneyi imadalira boma lotha kugwira wotaya mozemba. Kuibweretsa mu Blantyre momwe ilili kungangochulukitsa maulendo a usiku opita ku Mudi. Kumene ndalama ili yosowa ndipo wolondera palibe, kulipira wobweza n'kwanzeru kuposa kulipiritsa wotaya.

Pali zinthu zina zimene sizingapatsidwe mtengo, ndipo jumbo yopyapyala ndiye mfumu yake. Ndi yopepuka moti wotola angadzaze thumba lonse osapeza ya sopo, imang'ambika pa ulendo woyamba, ndipo mbuzi zikaidya imakatsekera m'mimba. N'chifukwa chake boma linachita bwino mu 2015 kuletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamayikuloni 60. Chotsatira chake chinali nkhondo ya m'makhoti. Makampani opanga majumbo anatenga chiletso, mlandu unakoka zaka, mpaka Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti lamulolo liime. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anali patsogolo pa kampeni yokakamiza kuti mlanduwo uthe, analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021. Komabe makampani anabwereranso kukhoti kangapo pambuyo pake, ndipo zaka khumi chikhazikitsire lamulolo majumbo opyapyala anali akadali pa benchi iliyonse ya tomato. Rwanda inaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017, ndipo kusiyana kwake kumaoneka m'misewu ya Kigali. Lamulo la Malawi si lofooka papepala. Chofooka ndi dzanja lolitsata, ku fakitale ndi pa chipata cha m'malire, osati pa mayi wogulitsa mandasi amene ndi wosavuta kumuopseza. Wogula naye ali ndi mbali yake: munthu amene amakwiya akapanda kupatsidwa jumbo pa anyezi atatu ndi mdzukulu wa agogo amene ankapita kumsika ndi dengu.

Botolo la pulasitiki ndi losiyana ndi jumbo, chifukwa lingathe kupatsidwa mtengo mawa lomwe. Germany inakhazikitsa dipoziti pa mabotolo ndi zitini zotaya mu 2003. Lero ndi masenti 25 a yuro pa botolo, ndipo oposa 95 pa 100 alionse amabwerera. South Africa inatenga njira ina: kuyambira 2021 malamulo amakakamiza opanga ndi oitanitsa katundu kulipirira kutoledwa kwa zokutira zawo. Amalawi okhala ku Johannesburg amawadziwa anthu okoka matrolli odzaza mabotolo m'bandakucha. Ofufuza kumeneko anapeza kuti ndi iwo amene amatola gawo lalikulu la mapepala ndi zokutira zimene zimabwezeredwa m'mafakitale.

Otsutsa adzati dipoziti idzakweza mtengo wa chakumwa kwa wosauka. Koma ndalamayo imabwerera kwa wobweza botolo, ndipo Mmalawi safunika kuphunzitsidwa zimenezi popeza wakula nazo pa botolo lagalasi. Wolemera amene angaponye botolo pawindo la galimoto adzakhala walipira mwana amene alitole. Otsutsawo adzatinso kuno kulibe mafakitale okwanira osungunula mabotolowo. Pali choonadi pamenepo: mafakitale amene alipo amakonda pulasitiki wolimba wa mabeseni, zidebe ndi mipando, pamene mabotolo a zakumwa amafuna kupanikizidwa m'mitolo ndi kutumizidwa kunja, ulendo umene umadya phindu. Koma mtengo wa ulendowo ulipo kale. Pakali pano ukulipiridwa ndi khonsolo yofukula ngalande, ndi banja limene madzi alowa m'nyumba, ndi mwana wolumidwa ndi udzudzu woswana m'madzi oima. Funso ndi lakuti kodi aziulipira ndi iwowa, kapena kampani imene inasankha botolo lotaya chifukwa ndi lotsika mtengo kwa iyo.

Nanga kusesa? Mu Novembala 2020 Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Cholinga chinali chabwino, ndipo miyezi yoyamba mabwana anaoneka ndi matsache pa kanema. Vuto la kusesa n'lakuti kumangosuntha zinyalala. Mulu wosesedwa Lachisanu ukapanda kunyamulidwa, mphepo ndi agalu amaubwezera pamalo pake pofika Lolemba. Pasanathe zaka ziwiri dziko linagwa mu mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri yake, umene unayamba mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Gwero la kolera ndi madzi oipa ndi zimbudzi zosakwanira, koma ngalande yotsekeka ndi zinyalala ndi imene imasefukiza zonyansazo kuzifikitsa pa chitsime ndi pa msika.

Zowola zikachotsedwa, mabotolo ndi zitsulo zikapita kwa ozigula, majumbo akaletsedwadi, pamatsala mulu wochepa koma wovuta. Muli matewera otaya, amene zaka makumi awiri zapitazo anali a mabanja ochepa koma lero amagulitsidwa limodzilimodzi pa okala iliyonse. Muli zovalira za amayi pa nthawi ya kumwezi, mabatire a tochi, mababu, mankhwala otha ntchito ndi nsanza za kaunjika amene analephera kugulidwa. Izi palibe wozigula, siziwola, ndipo kuziwotcha n'kudzithira poizoni. Apa ndi pamene malole ochepa a khonsolo ndi ndalama za msonkho wa mzinda ziyenera kulunjika, pamodzi ndi malo otayira okonzedwa bwino, okwiriridwa ndi dothi tsiku ndi tsiku, otchingidwa kuti madzi ake asalowe m'mitsinje. Khonsolo imene ikuyesa kunyamula zonse imathera kunyamula zochepa, ndiponso za anthu omwe akanatha kudzilipirira kampani yotola.

Poyambira pabwino ndi m'misika. Zinyalala za mu msika wa Limbe, wa Blantyre kapena wa Ndirande n'zowola pafupifupi zonse, zimatuluka pamalo amodzi tsiku lililonse, ndipo khonsolo ili kale ndi anthu ake kumeneko odulitsa ziphaso m'mawa uliwonse. Makomiti a ochita malonda alipo, ndipo mawu a tcheyamani wa msika amamveka kuposa chikwangwani. Pakufunika migolo iwiri m'malo mwa umodzi, munthu wolipidwa woima pamenepo kuti jumbo isalowe mwa makoko, ndi malo apafupi owoletserapo. Khonsolo yokha, imene imadzala maluwa m'maraundabauti ndi mitengo m'misewu, ingakhale wogula woyamba wa manyowawo. Masukulu okhala ndi minda, ogulitsa mbande ndi alimi a m'madimba a ku Chileka ndi Lunzu angatsatire akaona kuti m'thumbamo mulibe magalasi. Milu yoyikidwa mu Epulo ndi Meyi, pamene misika yadzaza zokolola, imakhala itapsa bwino pofika Okutobala, nthawi imene alimi akukonza minda.